Re ya Ermelinda

Dhobi Talao, Bombay
4 Juni, 1952

Ermelinda mkazi wanga wokondedwa,

Ndafika, ngakhale sitima inandisanzitsa kuchokera pa Panjim mpaka padoko la kuno. Tsopano ndili bwino, ndikudya ngati munthu. Ndikhulupirira kuti iwe, kamwana kathu Zita, Mai ndi mlamu wanga Clotilde mukudzuka ndi mphamvu. Ku kalabu yathu, nyumba yogonamo amuna a kwathu ku Raia, palibe chasintha. Bokosi langa lili pakona pomwe paja, ndimagona pamwamba pake, ndipo a Piedade ophika akadali kuliza mkonono womveka mpaka kumsewu.

Khala pansi kaye ndikuuze. Bonny Sequeira, woliza lipenga amene ali ndi gulu lake pa hotela yayikulu ya m'mbali mwa nyanja, wanditenga kuti andiyese pa piyano. Wa piyano wake wakale, a Leopoldo Quadros, amene tonse timawatcha Titiu ngati amalume athu, zala zawo zapindika ndi nyamakazi. Tsiku loyamba ndinavala suti ya ukwati ija, anandipatsa pepala, ndipo ndinaliwerenga lonse osaphonya notsi ngakhale imodzi, monga anatiphunzitsira malemu Pai, bambo ako, ku kwaya. Nditamaliza ndinacheuka kudikira kuyamikidwa.

"Anselmo baba," anatero Bonny, kunditchula ngati kamwana, "wamwalira ndani?"

"Palibe, bwana."

"Nanga bwanji ukutiperekeza kumanda? Anthu abwera kudzavina, iwe wawabweretsera Misa ya maliro."

Gulu lonse linafa nalo phwete, ine manyazi mpaka kumapazi. Akuti kuwerenga pepala amatha aliyense amene anadutsa pa sukulu ya parishi. Iye akufuna munthu wodziwa kusintha makhodi, timagulu ta manotsi tija timadinda ndi dzanja lamanzere, kuti nyimbo pamwamba ikhale yomweyo koma pansi pake pamveke mwatsopano. Pai akanamva zimenezi bwenzi atachita chizindikiro cha mtanda.

Wandipatsa mpaka Khirisimasi. Ndikakhoza, mpando ndi wanga, ndipo malipiro ake akwana chipinda chathuchathu. Ukumva, Ermelinda? Iwe ndi Zita mubwera kuno. Zaka zinayi zoonana m'mwezi wa Meyi wokha zandikwana. Mwana wanga anandithawa ndikufika, ndipo pamene anayamba kundizolowera m'pamene ndimanyamuka. Chimenechi chimandiwawa kuposa kuseka kwa Bonny.

Ndatumiza marupi makumi atatu pa positi. Mvula isanalimbe itanani munthu akonze matailosi a pamwamba pa khitchini, ndipo limba la Pai mulichotse kukhoma kuja kumanyowa. Nkhumba musagulitse. Wokwera mitengo ya kokonati akabwera, Clotilde ayime pansi aziwerenga yekha. Munthu uja masamu amamusokonekera zinthu zikakhala za eni ake.

Ndikalephera, ndiye kuti... ayi, zimenezo tisakambe.

Mwamuna wako,
Anselmo


Dhobi Talao
20 Julayi, 1952

Ermelinda wanga,

Kalata yako yandipeza ndili moyo, kungoti mvula ya kuno yandipatsa kachifuwa. Ndasangalala kumva kuti nonse muli bwino ndi kuti mpunga mwawokera. Uuze Zita kuti chithunzi cha nkhumba anajambula chija ndachimata mkati mwa bokosi langa. Anzanga akuti chikufanana ndi a Piedade.

Titiu Leopoldo avomera kundiphunzitsa. Timakumana masana m'chipinda chodyera cha hotela, muli zii, operekera zakudya okha akupinda nsalu za patebulo. Ndi nkhalamba yowonda, yosakwatira, inayenda pa sitima za pamadzi n'kukhalako ku Calcutta. Amakhala pambali panga atagwira ambulera, ndipo ndikalakwa imagunda mwendo wa mpando. Ndinawafunsa ngati sizikuwawawa kuphunzitsa munthu amene akuwalanda malo.

"Wandilanda malo ndi nyamakazi," anatero. "Iwe sungalande ngakhale mpando wa m'basi. Taliza mathero a nyimbo ya kutchalitchi, iliyonse."

Ndinadinda sol, si, re, fa, n'kugwera pa do, monga umachitira iwe pa limba.

"Ameni. Tsopano mwa zala zinayizo, zimene zikulirira kwawo ndi ziti?"

Anandinyamula chala cha pa sol, khodi inakokerabe ku do. Ananyamula cha pa re, chimodzimodzi.

"Waona? Eni nkhani ndi si ndi fa. Enawo ndi operekeza, ukhoza kuwabweza n'kuyitana ena. Zala ziwirizo zisasunthe. Chaching'onocho chichoke pa sol, chipite pa re yotsika, kiyi yakuda ija. Onjezera la yotsika. Tiye."

Ermelinda, tsitsi linandiyima. Khodi ina yalowa m'malo mwa inzake, ntchito n'kugwira yomweyo, koma mawu a pansi m'malo modumpha akutsika pang'onopang'ono, re, re yotsika, do, ngati mkwatibwi akutsika masitepe a tchalitchi. Ndinabwereza mpaka woperekera zakudya wina anandipempha kuti ndimuchitire chifundo. Zaka zonsezi kiyi imeneyi ndinali nayo pansi pa mphuno, ndikuyidumpha ngati ili ndi minga.

Titiu akana ndalama. Akuti sanalawe masoseji a kwathu chichokereni, ndiye malipiro ndi amenewo. Chonde pempha Mai apange, osaumira tsabola, ndi botolo la viniga wa kokonati. Mingel wa kuseri kwa kachisi akubwera pa sitima ya pamtunda mwezi wa mawa, mumupatsire. Muwakulunge bwino, paja Mingel ali ndi mphuno.

Mwezi uno ndatumiza makumi awiri okha. Nsomba zakwera chifukwa mabwato sakulowa m'nyanja, ndipo Bonny anandiumiriza kugula nsapato zakuda. M'kalata yako wandifunsa za wotchi ya Pai. Usadandaule nayo, ili pamalo abwino.

Madzulo pa korona ndimakutchulani mayina mmodzimmodzi. Lako ndimalitchula kawiri.

Wako,
Anselmo


Dhobi Talao
14 Seputembala, 1952

Make Zita,

Moni kumeneko. Chifuwa chatha, ndipo ndamva kwa Mingel kuti Mai bondo lawaleka. Masoseji afika, ngakhale mwina anali ambiri ponyamuka. Titiu anawanunkhiza atatsinzina, kenaka anandiphunzitsa mpaka dzuwa kupendeka.

Ndaona kuti Mingel amanyamula nkhani mbali zonse ziwiri, chifukwa mzere woyamba wa kalata yako ndi wakuti, "Miss Doreen ndi ndani?" Ndi woyimba wa gulu lathu. Mwamuna wake amayendetsa sitima ya pamtunda, mkono wake ndi ntchafu yanga, ndipo amadzamutenga yekha. Komanso pakali pano Miss Doreen sakundiyankhula, ndiye gona tulo.

Mlandu wake ndi uwu. Nditadziwa kusintha makhodi ndinaledzera nako. Paliponse ndimasintha, pamene panali khodi imodzi ndimayikapo zitatu. Loweruka lapitalo, anthu ali tho, Miss Doreen anayamba nyimbo yachifatse, ine pansi ndikungotembenuza. Pakati pa nyimbo anasochera. Anayima, anandiyang'ana, n'kutsala akungomwetulira anthu. Bonny anapulumutsa zinthu ndi lipenga, koma kuseri anandisambitsa chokweza.

"Poyamba umatiyika m'manda, lero ukutitaya m'nyanja! Pakati palibe?"

Walira mvula walira matope. Lolemba ndinapita kwa Titiu mutu uli pansi, ndikuyembekezera ambulera. Iwo anangoseka mpaka kutsokomola.

"Aliyense amadwala matenda amenewo, baba. Mwana akadziwa pomwe pakhala mchere amathira ndi mu tiyi momwe. Tamvera. Nyimbo ndiye mwini nyumba, makhodi ndi alendo. Usanayitane mlendo, yang'ana notsi imene woyimba wayimapo. Ikakwana m'khodi yako, lowa. Ikapanda kukwana, bwerera, ngakhale khodiyo ikome chotani."

Tsopano ndimayamba ndayimba notsi ya nyimbo pakamwa, kenaka n'kufufuza pansi makhodi onse amene angayilandire. Ena amayisandutsa yachisoni, ena yamanyazi. Notsi yomweyo! Sindinkadziwa kuti notsi imodzi ili ndi nkhope zambiri chotere.

Nkhani yabwino ndayisungira kumapeto. Ndapeza chipinda ku Mazagaon, kwa mayi wina wamasiye wa kwathu konkuno, Dona Carmelina. Ndi chaching'ono, sindikunamiza. Bedi, tebulo ndi limba zikalowa, munthu azitembenuka mopempha. Koma chili ndi zenera, mpopi uli pabwalo, ndipo tchalitchi ndi sukulu ya masisitere zili pafupi. Chikhala chopanda munthu kuyambira Januwale. Ndikudziwa kuti Mai ndi kwaya ya Pai zikukulemera kusiya, unanena m'Meyi ndipo sindinaiwale. Koma Clotilde alipo, ndipo limba amaliliza bwino kuposa mmene amavomerera.

Ndatumiza makumi atatu ndi asanu. Asanuwo ndi a nsalu ya diresi ya Zita. Mpunga ukacha musalembe aganyu a chaka chatha aja.

Amene sayang'ana Miss Doreen,
Anselmo


Dhobi Talao
16 Novembala, 1952

Ermelinda, mtima wanga,

Ndili bwino kwambiri, ndipo ndikupemphera kuti kalata ino ikupezeni nonse mukuseka. Lero sindiyamba ndi za ndalama. Tsegula pepala ndapinda mkatimu.

Wayizindikira? Ndi mando, nyimbo ya kwathu, imene Pai anatipekera pa ukwati wathu, ija timayimba pakhonde madzulo, ine mawu oyamba, iwe achiwiri. Ndakhala ndikuyiveka makhodi atsopano masana aliwonse Titiu akapita. Mawu oyamba sindinakhudze ngakhale notsi imodzi, ali monga anawasiyira Pai. Ndangosintha pansi. Ndipo ndinatsata lamulo, notsi iliyonse ya nyimbo ndinayiyesa, yakwana.

Pamene pandikomera kwambiri ndi pomaliza, pa mawu aja akuti "tidzakalamba pakhonde lino". Pai anayikapo sol wamba. Ine ndayikapo re yotsika ija. Ukamva mmene ikutsetserekera ku do, ulira. Ine ndinalira, ndipo sindikuchita manyazi kukuuza.

Bonny anandipeza ndikuyiliza. Anayima pakhomo chipewa chili m'manja mpaka nditamaliza.

"Ya ndani imeneyo?"

"Ya apongozi anga, bwana. Pansi ndi panga."

"Loweruka tiyiliza. Lipenga lidzatenga nyimbo, iwe uchite zomwezo, osawonjezera mchere."

Tinayilizadi. Anthu anavina mwakachetechete, masaya atagundana, ndipo mkulu wina wa mtundu wa Chiparsi anatumiza uthenga kuti tibwereze. Miss Doreen wayambanso kundipatsa moni. Popita kunyumba Bonny anandimenya paphewa n'kuti, "Maliro atha, baba." Sananene zambiri, koma kwa Bonny amenewo ndi madalitso a bishopu. Titiu anali kumbuyo pafupi ndi khitchini. Mawa lake anangoti, "Zala zanga zapeza kokhala."

Chonde uyiyese Lamulungu likubwerali. Clotilde ayimbe mawu oyamba m'malo mwanga, iwe uyimbe ako ukuliza limba. Ndi mphatso yako, ndinalibe china chokugulira choposa ichi. Undilembere msanga mmene wayimvera, ndipo usaumire mawu monga umachitira.

Makumi anayi ali m'njira. Nkhumba tsopano mukhoza kuyinenepetsa ya Khirisimasi, ine sindidzakhalapo, ndi nyengo imene hotela imadzaza. Yamba kuganiza zimene udzanyamule. Mtondo wamwala uja usiye, kuno ulipo.

Ndikuwerenga masabata,
Anselmo


Dhobi Talao
4 Januwale, 1953

Ermelinda,

Chaka chabwino kwa nonse. Ine thupi lili bwino. Ndamva kuti Zita anadwala chimfine, ndikhulupirira wachira.

Mpando ndi wanga. Bonny wandilemba ntchito, wotchi ya Pai ndayiwombola ku pinyolo, yabwerera padzanja, ndipo kiyi wa chipinda ali m'thumba mwanga. Ndinkaganiza kuti kalata ino ndidzayilemba ndikuvina.

Ndadikira yankho lako mwezi wathunthu ndi theka, ndipo lafika la mizere inayi. Ndaliwerenga mpaka ndaliloweza. "Pepala lafika. Tayiyesa. Nyimbo yako ndi yokoma, koma ine mulibe malo anga. Januwale uno sindibwera."

Mulibe malo ako? Nyimbo ya ukwati wako womwe? Ndinayikonzera ndani, Bonny? Ndinataya masana angati pamenepo, anzanga akugona! Ndakuuza kuti nyimbo ya Pai sindinayikhudze. Anthu odziwa, ovala bwino, anapempha kuti ibwerezedwe, ndipo kwathu kwenikweni ndi kumene ikukanidwa. Ngati vuto ndi lakuti anthu anayivina m'hotela, nena. Ngati Mai kapena bambo mfumu anenapo kanthu, nena. Ngati ndi Mingel ndi pakamwa pake, ndimuonetsa. Koma usandiponyere mwambi ngati ndine mlendo.

Kapena limba lija lafooka ndi chinyezi? Paja kiyi zakuda za kumanzere zinkakakamira. Muyitane wokonza wa ku Margao, ndilipira.

Ndakwiya, Ermelinda, ndipo sindibisa. Koma ndakwiya ndili ndi nsalu ya makatani imene ndinagula pa msika wa Crawford, yamaluwa achikasu, chifukwa umakonda chikasu. Tsopano ndichite nayo chiyani?

Ndatumiza makumi asanu. Mugulire Mai mankhwala a bondo.

Mwamuna wako ndithu,
Anselmo


Dhobi Talao
15 Febuluwale, 1953

Ermelinda wokondedwa,

Sunandiyankhe, ndipo kalata ngati ija inayenera kusayankhidwa. Za umoyo wanu ndamva kwa Clotilde, amene anandilembera mawu ochepa ondiuza kuti muli bwino ndi kuti ndine bulu. Ine ndili bwino, ndipo Clotilde sananame.

Lamulungu lapitali tinachita chikondwerero cha kalabu. Titatha litaniya kunali mpunga ndi nyama ya nkhumba, ndi kabotolo kena kamene apolisi sayenera kukadziwa. Anthu atakhuta anayamba nyimbo za kwathu, ine ndili pa limba la kalabu. Wina anati tiyimbe ya ukwati wa Anselmo, paja theka la amuna aja anakulira m'kwaya ya Pai ndipo amayidziwa. Mumtima ndinati, lero amve, adzakuuze okha.

Tinayamba. Monga mwa chizolowezi chathu, popanda wowauza, ena anatenga mawu oyamba, ena achiwiri. Oyamba ankayenda bwinobwino. Achiwiri anapunthwa kamodzi, n'kuyang'anana. Anapunthwanso. Titafika pa "tidzakalamba pakhonde lino", ndinatsitsa re yotsika yanga ija monyadira, ndipo panamveka phokoso ngati mphaka wapondedwa mchira. Achiwiri onse anangoti zii. A Piedade anayika mbale pansi.

"Baba, wandiponda phazi."

"Ndi kayimbidwe katsopano, a Piedade."

"Katsopano kapena kakale, ine pamenepo ndimayima pa re. Ndayimapo kuyambira ndili ndi mano onse. Iwe wabwera ndi chinthu chako chakuda n'kuchikhazika pambali penipeni pa re wanga. Ndiyime pati, padenga?"

Anthu anaseka. Ine sindinaseke. Ndinadinda re ndi re yotsika pamodzi, zoyandikana zija, ndipo ndinamva chimene unamva iwe pakhonde, pamaso pa Mai ndi Clotilde, ukuyimba nyimbo ya bambo ako. Pamwamba pali fa, iwe uli pa re. Ine ndinayesa fa yekha. Ku hotela lipenga limayimba lokha, ndiye palibe amene anapondedwa. Notsi iliyonse ya mawu anga ndinayipezera malo, ndipo ako sindinawayimbe ngakhale kamodzi. Sunaponye mwambi. Unanena zoona zokhazokha, ine n'kumanamizira limba.

Lolemba ndinakafunsa Titiu chifukwa chake sanandichenjeze. Anasisita zala zawo.

"Ndikanakuchenjeza bwanji? Ine makhodi ndimasintha mmene ndafunira chifukwa pambali panga sipanayimepo munthu. Ndinakuphunzitsa zimene ndikudziwa, za munthu mmodzi. Za anthu awiri ufufuze wekha, ukazipeza udzandiphunzitse."

Ndinawaperekeza mpaka kuchipinda kwawo, pamwamba pa ophika buledi. Muli bedi limodzi, mpando umodzi, kapu imodzi. Ndinabwerera wapansi, ndipo ndinachita mantha.

Pepala lija ng'amba, kapena Zita ajambulepo nkhumba. Sindikupempha kanthu m'kalata ino. Ndalama zili m'njira monga mwa masiku onse.

Pepa, mkazi wanga.
Anselmo


Dhobi Talao
22 Malichi, 1953

Ermelinda wanga,

Zikomo chifukwa cha mango osapsa ndi mawu ako awiri aja, "Ndamva. Udye." Ndadya. Ndili bwino, ndipo ndikhulupirira Lenti ikukuyenderani bwino nonse.

Ndayiyambiranso nyimbo ija kuchokera pachiyambi. Ulendo uno ndinalemba mawu ako pansi pa anga, ndipo khodi iliyonse ndimayifunsa kawiri. Ntchito yake ndi yowawa. Makhodi amene amalandira munthu mmodzi ndi ambirimbiri, olandira awiri ndi owerengeka. Ndinapeza malo atatu pamene ndinakuponda. Pawiri ndabwezerapo makhodi a Pai, chifukwa ndafufuza mpaka mutu kuwawa ndipo palibe oposa amenewo. Mkulu uja ankadziwa chimene ankachita.

Pomaliza paja m'pamene panandigwira milungu. Ndikanatha kubwezera sol n'kupuma. Koma ndikanakhala ndikukunamiza, ngati kuti miyezi yonseyi sindinaphunzire kanthu ndipo ndine yemwe uja anakwera sitima. Sindine yemwe uja, Ermelinda, makutu anga asintha. Ndimafuna khodi ya kuno imene iwe ungayimemo osasuntha.

Lachinayi ndinayipeza. Si yotsika pansi, kenaka re, fa, ndi la yotsika. Yang'ana bwino, re wako ali mkati, fa wanga ali mkati. Silowera ku do pakhomo la kutsogolo monga sol, imazungulira kuseri ngati munthu wa pabanja pomwepo. Ndinathamangira ku kalabu n'kukoka a Piedade kukhitchini, chipande chili m'manja.

"Imbani achiwiri."

"Undipondanso?"

"Ingoyimbani."

Anayimba maso ali pa zala zanga. Titafika paja anakweza mapewa kudikira chibakera, koma sichinabwere. Anagwira re wawo mpaka mpweya kutha.

"Hm. Pansi pakuterera, koma phazi lili bwino. Tiyenso."

Anyezi anapserera, ndipo kalabu yonse yandiyimba mlandu. Titiu nditawalizira anandiuza kuti ndibwereze, kenaka anayesa okha ndi zala zawo zopindikazo. Ananena kuti khodiyo amayidziwa kalekale, koma sankadziwa ntchito yake.

Pepala latsopano lili mkatimu. Ngati pena pakukupondabe, lemba mtanda pamenepo undibwezere. Makutu ako ndiwo adzagamule, osati a Bonny.

Pali china sindinakuuze. Chipinda cha Dona Carmelina ndakhala ndikulipira chichokere Januwale. Sindigonamo, ndimangopita Lamulungu kukatsegula zenera. Makatani ndinapachika. Anzanga akuti ndapenga, ndipo mwina n'chifukwa chake ndalama zakhala zikuchepa, ukhululuke. Dona Carmelina akuti adikira mpaka kutha kwa Meyi, kupitirira apo ali ndi mphwake akufuna malo.

Ndikubwera sabata yoyamba ya Meyi. Sindikukakamiza. Ukati ukhala ndi Mai, ndibweza kiyi, ndipo ndidzakukondabe m'mwezi wa Meyi monga kale. Koma kapu imodzi ija sikundichoka m'maso.

Wako nthawi zonse,
Anselmo


Mazagaon, Bombay
1 Juni, 1953

Okondedwa Mai,

Landirani moni wa mkamwini wanu. Ndikhulupirira bondo likukulolani kupita ku Misa, ndi kuti Clotilde sakukuvutitsani kwambiri. Tafika bwino tonse atatu.

Zita sanasanze ngakhale pang'ono, amene anasanza ndi bambo ake. Limba la Pai lafika lamoyo, kungoti amtengatenga a padoko analipitsa ngati anyamula bishopu, ndipo pokwera masitepe linasupuka pakona. Musauze Clotilde, paja analira polipereka. Muuzeni kuti la kutchalitchi alilize molimba mtima, ndipo akwaya akachedwa asawadikire, Pai sankadikira munthu.

Mwana wanu wayamba kale kulamulira. Wakangana ndi wogulitsa nsomba, wapambana. Akuti mtondo wa kuno ndi wachibwana, ndiye chonde wamwala uja mupatsire Mingel mvula ikatha. Ndinamuuza ndine kuti ausiye, ndipo ndakumbutsidwa kale kangapo. Zita masisitere amulandira. Usiku amakufunsani, ndipo amake amayang'ana kukhoma. Sindikubisirani, Mai, akukusowani kwambiri, ndipo ndikudziwa chimene mwatipatsa potilola. Marupi makumi atatu azifika mwezi uliwonse, ndipo Meyi tidzabwera tonse.

Dzulo tinayitana Titiu Leopoldo, aphunzitsi anga, kudzadya nafe. Anakhala pabedi poti mpando wachitatu tilibe, Zita ali pamiyendo pawo. Titadya anapempha nyimbo ija. Ndinakhala pa limba chigongono chikugunda kabati, Ermelinda anayima kumbuyo kwanga, ndipo tinayimba mpaka pomaliza, aliyense pa mawu ake. Dona Carmelina anazimitsa wailesi yake kuseri kwa khoma.

Titiu anapukuta magalasi n'kufunsa, "Nanga mwana wanga, khodi ya mwamuna wakoyi wayiona bwanji? Usamuope."

"Ya Pai inali yotakasuka, Titiu," anatero Ermelinda. "Iyi ndi yothina ngati chipinda chino."

Ndinayamba kunena kuti ndikhoza kubwezera sol, koma anandigwira dzanja lamanzere n'kulibwezera pomwe linali.

"Ndati yothina. Sindinati sindikhalamo."

Mutipempherere, Mai.

Mwana wanu,
Anselmo